Kodi Bwalo la Pakhomo Limagoletsa?

Mu ligi ya basketball ya ku America, ya NBA, timu iliyonse imasewera magemu 82 kuyambira mwezi wa Okutobala mpaka Epulo. Ligi ikatha palibe amanyamula chikho. Matimu 16 amalowa m'ndime yachipulula, ndipo kumeneko amakumana awiriawiri mobwerezabwereza mpaka imodzi itapambana kanayi. Nanga timu yomwe yakhetsa thukuta miyezi yonseyi n'kuthera pamwamba pa anzake imapindulanji? Imapatsidwa zinthu ziwiri. Imayamba ndi mdani wofookerapo, komanso mwa magemu asanu ndi awiri omwe angaseweredwe, anayi amakhala pakhomo pake, kuphatikizapo yomaliza yothetsa makani ija. Makochi amatopetsa osewera awo, ena mpaka kuvulala, polimbirana mwayi umenewu. Funso n'lakuti kodi mwayiwo ndi waukulu bwanji.

Mu 2016 timu ya Golden State Warriors idapambana magemu 73 mwa 82, zomwe palibe timu ina idachitapo m'mbiri ya ligiyi. Pabwalo lawo la Oracle Arena ku Oakland adagonja kawiri kokha ligi yonse. Mu fainolo adakumana ndi Cleveland Cavaliers, n'kutsogola 3-1, ndipo mwa magemu atatu otsalawo awiri adali a pakhomo. Onse atatu adawaluza. Gemu yomaliza, pa 19 Juni, mapointi atafika 89-89 mpira udayamba kukana kulowa mbali zonse ziwiri. Kutatsala mphindi zosakwana ziwiri Andre Iguodala adathamanga nawo mpira, anthu ataimirira kale kuti asangalale, koma LeBron James adatulukira kumbuyo kwake n'kuumenyetsa pagalasi. Kutatsala masekondi 53 Kyrie Irving adaponya chapatali, Stephen Curry atamuimira kutsogolo, mpira n'kulowa. Zidathera 93-89, bwalo lonse lili zii.

Nkhani ngati imeneyi imakoma pofotokoza, koma payokha siitsimikiza kanthu. Wina angathe kutchula fainolo ya 2025, pomwe Oklahoma City idagonjetsa Indiana pakhomo m'gemu yomaliza, n'kunena zosiyana. Mkangano wotere suthetsedwa ndi gemu imodzi.

Msampha wa manambala

Chomwe palibe amatsutsa n'chakuti m'magemu a ligi eni bwalo amapambana kawirikawiri kuposa alendo. Kwa zaka zambiri mu NBA eni bwalo ankapambana magemu pafupifupi 60 mwa 100 alionse, ngakhale posachedwapa chiwerengerochi chatsikira cha m'ma 55. Mu baseball ndi pafupifupi 54. Mpira wa chi America wa NFL ndi hockey wa pa ayezi ali pakatikati pa awiriwa. M'maligi akuluakulu a mpira wamiyendo ku Ulaya eni bwalo amapambana magemu ochepera pang'ono theka, otsalawo n'kugawika pakati pa kufanana mphamvu ndi kupambana kwa alendo. Mu ligi manambalawa ndi odalirika, chifukwa timu iliyonse, yamphamvu ndi yofooka yomwe, imasewera magemu ofanana pakhomo ndi koyenda.

M'ndime yachipulula zinthu sizili choncho, ndipo apa ndi pomwe ambiri amapusitsika. Olemba nkhani zamasewero ku America amakonda kukumbutsa anthu kuti mkangano wa mu NBA ukafika pa gemu yachisanu ndi chiwiri, eni bwalo apambana pafupifupi katatu mwa kanayi kalikonse. N'zoona. Koma mwini bwalo pa gemu imeneyo ndi ndani? Ndi timu yomwe idachita bwino mu ligi kuposa inzakeyo. Bwalolo sadatole pansi, adapatsidwa chifukwa adali amphamvu kale. Zili ngati kunena kuti desiki yakutsogolo m'kalasi imakhozetsa mayeso, chikhalirecho aphunzitsi amakhazika kutsogolo ana omwe adakhoza kale teremu yatha. Mukaona timu yapakhomo yapambana, simungadziwe kuti chawapambanitsa ndi bwalo kapena ndi luso lomwe lidawapatsa bwalolo.

Njira yabwino yosiyanitsira ziwirizi ndi kuwerengera. Tiyerekeze kuti matimu awiri ndi ofanana ndendende, ndipo aliyense akakhala pakhomo mwayi wake wopambana ndi 60 mwa 100. Magemu asanu ndi limodzi oyambirira amagawana chimodzimodzi, atatu uku atatu uko, kotero pamenepa palibe wadyera mnzake. Phindu lonse lagona pa gemu yachisanu ndi chiwiri. Koma gemu imeneyo siiseweredwa nthawi zonse. Pa matimu ofanana chonchi, imafunika kamodzi kokha mwa katatu, pomwe zafika 3-3. Mukaphatikiza zonsezi mupeza kuti timu yokhala ndi gemu yowonjezera pakhomo ili ndi mwayi 53 mwa 100 wopitirira, inzakeyo 47. Mu baseball, komwe mphamvu ya pakhomo ndi yocheperapo, kuwerengera komweku kumatipatsa 51 kwa 49. Mwayi ulipo ndithu, ndipo munthu wanzeru sangaukane ataupatsidwa, koma ndi waung'ono kwambiri poyerekeza ndi phokoso lomwe umachititsa. Wosewera mmodzi wodalirika akapweteka bondo, timu imataya zambiri kuposa zimenezi.

Zikuoneka kuti akuluakulu a baseball ankadziwa kale kuchepa kwake. Kwa zaka zambiri mwayi wa gemu yowonjezera mu fainolo yawo, ya World Series, ankangosinthana chaka ndi chaka pakati pa magulu awo awiri, osayang'ana kuti wachita bwino ndani. Kuchokera 2003 mpaka 2016 adaupachika pa gemu yachisangalalo ya akatswiri osankhidwa, yomwe imaseweredwa pakati pa chaka. Mu 2017 m'pomwe adayamba kuupereka kwa timu yopambana magemu ambiri mu ligi. Chinthu chamtengo wapatali sachiseweretsa motero.

Mbiri ya baseball yomweyo ili ndi zitsanzo zokokera mbali zonse. Mu World Series ya 2019, pakati pa Washington Nationals ndi Houston Astros, alendo adapambana magemu onse asanu ndi awiri. Masapota a Washington adatenga chikho osaonapo timu yawo ikupambana fainoloyo pabwalo lawo. Mu 2023 Texas Rangers idatenga chikho itapambana magemu onse 11 omwe idasewera koyenda m'ndime yachipulula. Koma bwererani ku 1987. Minnesota Twins idali timu wamba, yomwe mu ligi idapambana magemu 56 pakhomo koma 29 okha koyenda. Bwalo lawo, Metrodome, lidali ndi denga loyererako lomwe linkasokoneza maso a alendo mpira ukakwera m'mwamba, ndipo phokoso silinkatuluka. Mu fainolo adapambana magemu anayi onse a pakhomo, n'kuluza atatu onse a koyenda, chikho n'kukhala chawo. Mu 1991 adabwereza zomwezo ndendende. Apa palibe angakane kuti bwalo lidagwira ntchito. Komabe onani kuti lidali bwalo lachilendo, losiyana ndi ena onse.

Kodi mphamvuyo imachokera kuti?

Zina mwa zifukwa zake n'zolembedwa m'malamulo. Mu baseball eni bwalo ndiwo amamenya pomaliza, kotero amadziwa chomwe akufunika kuchita. Mu hockey kochi wapakhomo amaloledwa kusintha osewera pomaliza, ataona kale omwe mnzake walowetsa. Zina n'zachilengedwe. Denver ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo La Paz ku Bolivia ili pa mamita pafupifupi 3,600, komwe mu 2009 Argentina ya Lionel Messi, kochi ali Diego Maradona, idakunthidwa 6-1 osewera akupuma mobanika. Ulendo nawo umatopetsa, koma m'ndime yachipulula ya ku America chifukwa chimenechi chimafooka. Matimu awiriwo amayenda tsiku limodzi, pa ndege zawozawo, kuchoka mumzinda womwewo kupita ku womwewo.

Anthu ambiri mukawafunsa amati chinsinsi ndi masapota, akachemerera osewera amawonjezera mphamvu. Kafukufuku wina wa ku England wa mu 2003 adapezadi kuti m'matupi mwa osewera mpira mumakhala testosterone wochulukirapo gemu ikakhala ya pakhomo. Koma umboni woti kuchemerera kumawonjezera luso ndi wochepa modabwitsa. Tobias Moskowitz ndi Jon Wertheim, m'buku lawo la mu 2011 lotchedwa Scorecasting, adayang'ana nthawi yomwe wosewera basketball amaponya mpira ali yekha atachitiridwa faulo, popanda womutchinga. Kwawo anthu amakhala chete kuti aponye bwino. Kwa eni amamukuwiza, kumugwedezera zibaluni kumaso ndi kumutukwana. Adapeza kuti mipira yolowa ndi chimodzimodzi konsekonse. Ngati khwimbi la anthu likulephera kugwedeza dzanja la munthu woima yekha patsogolo pawo, ndiye kuti phokosolo likugwira ntchito pa munthu wina.

Munthuyo ndi woyimbira. Pano ndi pomwe pali umboni wokhutiritsa, ndipo ndi wamitundu ingapo. Mu 2002 akatswiri ena ku England, motsogozedwa ndi Alan Nevill, adasonkhanitsa oyimbira 40 n'kuwaonetsa kanema wa gemu ya Liverpool ndi Leicester City yomwe idaseweredwa pa Anfield. Ena adaonera phokoso la masapota likumveka, ena adaonera kanema yemweyo ali duu. Pamalo paliponse pomwe osewera adalimbana ankafunsidwa ngati pali faulo. Omwe ankamva phokoso adaimbira eni bwalo mafaulo ochepa, pafupifupi 15 mwa 100 kuchepera anzawo aja, ndipo zigamulo zawo zidafanana kwambiri ndi za woyimbira weniweni wa tsikulo. Anthuwa adali m'chipinda, popanda wowaopseza kapena kuwagenda. Phokoso la m'kanema lokha lidakwanira.

Ku Spain akatswiri a zachuma atatu, Luis Garicano, Ignacio Palacios-Huerta ndi Canice Prendergast, adawerenga mphindi zomwe oyimbira amawonjezera ikakwana 90. Eni bwalo akakhala kumbuyo ndi chigoli chimodzi, nthawi yowonjezera inkatalika pafupifupi kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi pomwe eni bwalo akutsogola ndi chigoli chimodzi. Kusiyana kukakhala kwa zigoli zambiri, pomwe mphindi ziwiri sizingasinthe kanthu, kukonderaku sikunkaoneka. Ku Germany Thomas Dohmen adapezanso zofananako, ndi mfundo ina yosangalatsa: m'mabwalo okhala ndi msewu wa othamanga pakati pa masapota ndi kapinga, kukonderako kunkachepa. Mamita ochepa chabe otalikitsa anthu amampatsa woyimbira mpata wopuma.

Apa tisafulumire kunena kuti oyimbira amadya ziphuphu. Alipo ena otero, koma nkhani ino si imeneyo. Munthu ali ndi theka la sekondi loti agamule ngati wotchinga kumbuyo wakhudza mpira kapena mwendo, sadaone bwinobwino, ndipo nthawi yomweyo anthu 50,000 akuwa mawu amodzi. Mtima wake umatenga kukuwako ngati umboni, iye osadziwa n'komwe. Sapeka faulo pomwe palibe. Zimangochitika kuti pa zokayikitsa wezulo imapendekera mbali imodzi.

Mliri wa Covid-19 udapereka mayeso omwe palibe wasayansi akadaloledwa kuchita. Ligi ya ku Germany itayambiranso pa 16 Meyi 2020 m'mabwalo opanda anthu, masabata oyambirira alendo ankapambana mochititsa kakasi. Magemu atachuluka m'maiko osiyanasiyana, chithunzi chidakhazikika. Mphamvu ya pakhomo idachepa koma siidatheretu, ndipo chomwe chidasintha moonekeratu ndi makhadi. Alendo, omwe nthawi zonse amalandira makhadi achikasu ochuluka kuposa eni bwalo, adayamba kulandira ofanana nawo. Chotsalacho ndiye mwina ndi cha kuzolowera kapinga, kugona pabedi lako ndi kusayenda ulendo.

Ngati gawo lalikulu la mphamvuyi limadzera mwa woyimbira, ndiye kuti m'ndime yachipulula liyenera kucheperako, chifukwa kumeneko amasankha oyimbira okhwima, ndipo masiku ano makanema amabwereza chilichonse chokayikitsa. VAR yachotsa zigoli zambiri zomwe kale zikadangodutsa m'phokoso.

Gemu yachibwereza

Mpira wamiyendo uli ndi njira yakeyake yochitira chilungamo: gemu imodzi kwanu, ina kwathu, zigoli n'kuphatikiza. Mu 1965 bungwe la UEFA lidabweretsa lamulo loti zigoli zikafanana, wogoletsa zambiri koyenda ndiye wapitirira. Nthawi imeneyo kupita kukasewera kudziko lina kudali kovuta zedi, ndipo alendo ankangodzazana kumbuyo kuti asamwe zambiri. Mu 2021 UEFA idathetsa lamuloli, ndipo manambala omwe idapereka ndi ofunika kwa ife. Chapakati pa zaka za m'ma 1970 eni bwalo ankapambana magemu 61 mwa 100 m'mipikisano yake, alendo 19 okha. Pofika nthawi yothetsa lamuloli eni bwalo adali atatsikira pa 47, alendo atakwera kufika pa 30. Maulendo adaphweka, kapinga adafanana paliponse, ndipo makochi amamudziwa mdani kudzera m'makanema asanakwere n'komwe ndege.

Anthu ambiri amakhulupirira kuti kuli bwino gemu yachibwereza ikhale ya pakhomo. Umadziwa zigoli zomwe ukufuna, ndipo mukafika pa mphindi 30 zowonjezera kapena mapenate, zimachitikira pamaso pa anthu ako. Manambala a Champions League ankaoneka ngati akuvomereza, koma msampha uja ulinso pano. Kwa zaka zambiri timu yomwe yathera pamwamba m'gulu lake ndiyo inkapatsidwa gemu yachibwereza pakhomo m'ndime ya matimu 16. Ofufuza atachotsapo kusiyana kwa mphamvu za matimu, phindu lotsala lidakhala laling'ono, ena mpaka osalipeza.

Sabata imodzi ya mu Meyi 2019 idaonetsa mbali zonse ziwiri. Pa 7 Meyi Liverpool, yomwe idagonja 3-0 ku Barcelona, idalandira alendowo pa Anfield yopanda Mohamed Salah ndi Roberto Firmino. Zitafika 3-0 Liverpool idapeza kona. Trent Alexander-Arnold adaika mpira pansi n'kuyamba kuchokapo ngati akusiyira mnzake, kenaka ataona osewera a Barcelona akuyang'ana kwina adatembenuka n'kuumenya chapansipansi. Divock Origi adangoulowetsa. Akatswiri omwe adatenga zikho zosawerengeka adaima ngati ana oyamba kumene mpira, ndipo n'zovuta kukana kuti phokoso la usiku umenewo lidawazunguza mitu. Koma mawa lake ku Amsterdam, Ajax idali pakhomo, ikutsogola 3-0 pophatikiza pomwe ankapita kokapuma. Lucas Moura wa Tottenham adagoletsa zitatu, chomaliza m'mphindi yachisanu ndi chimodzi ya nthawi yowonjezera, Ajax n'kutuluka anthu ake akuona.

Kulemera kwa kwanu

Pali ena omwe amapita patali n'kunena kuti pa gemu yaikulu kwambiri bwalo la pakhomo limasanduka katundu. Mu 1984 akatswiri a za maganizo a anthu, Roy Baumeister ndi Andrew Steinhilber, adalemba kuti m'magemu otsiriza a mafainolo a baseball ndi basketball eni bwalo ankalakwitsa zambiri, chifukwa munthu akaona chikho chayandikira pamaso pa abale ake amayamba kudziyang'anira, zomwe amachita mosaganizira n'kuyamba kumuvuta. Mu 1995 ofufuza ena atawonjezera zaka zina pa manambala omwewo, mfundoyi idafooka kwambiri.

Zitsanzo zake n'zosaiwalika. Mu 1950 Brazil inkangofuna kufanana mphamvu ndi Uruguay pa Maracanã, pamaso pa anthu pafupifupi 200,000, koma idagonja 2-1. Mu 2014 Germany idaithambitsa 7-1 ku Belo Horizonte. Mu 1984 Roma idasewera fainolo ya chikho cha Ulaya pabwalo lake lenileni n'kugonja pa mapenate kwa Liverpool, goloboyi wa ku Zimbabwe Bruce Grobbelaar akugwedeza miyendo pamzere ngati yatha mphamvu, Francesco Graziani mpaka kumenya mpira pamwamba. Mu 2012 Bayern Munich idagoletsa m'mphindi ya 83 pabwalo lake, Didier Drogba n'kubweza ndi mutu m'mphindi ya 88, Chelsea n'kutenga chikho pa mapenate. Portugal mu 2004, France mu 2016 ndi England mu 2021 onse adaluza fainolo ya Euro kwawo.

Ine ndimaona kuti nkhanizi timazikumbukira chifukwa choti zidatidzidzimutsa. Mwini bwalo akapambana palibe amalemba buku. Mwa mipikisano 22 ya World Cup yomwe idachitika pofika 2022, isanu ndi umodzi idatengedwa ndi dziko lochititsa, ndipo England chikho chake chimodzi chokhacho idatengera kwawo mu 1966. South Korea siidafikeponso semifainolo kupatula mu 2002, pomwe idali pakhomo. Ivory Coast kumayambiriro kwa 2024 idachita zonse ziwiri m'mwezi umodzi. Idamwa 4-0 kwa Equatorial Guinea mu Abidjan, kochi Jean-Louis Gasset n'kuchotsedwa mpikisano uli mkati, kenaka timu yomweyo, pansi pa Emerse Faé, idagonjetsa Nigeria 2-1 mu fainolo mumzinda womwewo. Anthu omwe adaifooketsa ndi omwewo adainyamula.

Kuno ku Africa

Zonse zomwe zachepetsa mphamvu ya pakhomo ku Ulaya ndi ku America sizidafike mokwanira m'mipikisano ya CAF, ndipo kuno mawu akuti kwa eni kulibe mkuwe akadali ndi mano. Timu yochokera kummwera kwa Africa yopita kumadzulo kapena kumpoto imatha kugona panjira, kudikira ndege ina ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, n'kufika miyendo itatupa. Ikafika imapeza nyengo ina, chakudya china, kapinga wina, pena wapulasitiki wotentha ngati chiwaya. Madandaulo a basi yochedwa, bwalo lokonzekerera lokhoma ndi ng'oma zolira usiku wonse kunja kwa hotela amamveka chaka ndi chaka. Onjezanipo mantha a zamankhwala, omwe amachititsa matimu ena kukana chipinda chosinthira kapena kulowa m'bwalo modumpha mpanda. Kaya mankhwalawo amagwira kaya sagwira, wosewera yemwe wavalira m'basi n'kukwera mpanda sayamba gemu mtima uli m'malo.

Mafainolo a CAF Champions League amachitira umboni. Mu 2010 TP Mazembe idakuntha Espérance 5-0 ku Lubumbashi, ku Tunisia n'kukangofanana mphamvu 1-1. Mu 2016 Mamelodi Sundowns idapambana 3-0 ku Pretoria, n'kukagonja 1-0 kwa Zamalek ku Egypt. Mu 2018 Al Ahly idapambana 3-1 kwawo, Espérance n'kubweza 3-0 kwawonso. Chizolowezi chake n'chodziwika: kwanu goletsani zambiri momwe mungathere, kwa eni kapirireni. CAF itayesa fainolo ya gemu imodzi, ya mu 2022 idaikidwa ku Casablanca, pabwalo lomwe Wydad imasewerera. Al Ahly idadandaula kwambiri, Wydad idapambana 2-0, ndipo chaka chotsatira fainolo idabwerera ku magemu awiri. CAF idasunganso lamulo la chigoli cha koyenda UEFA italitaya. Kuno chigoli chimenecho chikadali chovuta kupeza.

Ngakhale kunoko mlendo amatha kubwera ndi kalumo kakuthwa. Mu 1995 Orlando Pirates idafanana mphamvu 2-2 ndi ASEC Mimosas ku Johannesburg, ndipo anthu ambiri adaiwerengera kuti yatha. Ku Abidjan ASEC idaukira gemu yonse, goloboyi Williams Okpara akutchinga mipira yomwe inkaoneka ngati yalowa kale. Chakumapeto otchinga kumbuyo awiri a ASEC adasokonezana pa mpira wautali, Jerry Sikhosana n'kuutola n'kugoletsa. Pirates idakhala timu yoyamba ya kummwera kwa Africa kutenga chikhochi.

Matimu athu akalowa m'mipikisano ya CAF amayambira m'ndime yachipulula ya magemu awiri, momwe gemu ya pakhomo ndiyo chuma chawo chachikulu. Chomvetsa chisoni n'chakuti chumachi timachitaya tokha. Mabwalo akalephera kukwaniritsa zofuna za CAF, eni bwalo amasanduka alendo. Mu 2021 Flames idalandirira Mozambique ndi Ivory Coast ku Johannesburg. Zimbabwe mu 2023 idalandirira Nigeria ku Rwanda chifukwa bwalo lake la ku Harare silidavomerezedwe. Matimu a ku Blantyre akhala akusewera magemu awo a CAF pa Bingu ku Lilongwe, mtunda wopitirira makilomita 300 kuchoka kwa masapota awo ambiri, pabwalo lomwe lilinso ndi msewu wa othamanga wotalikitsa anthu ndi kapinga. Timu ya ku America ikataya mwayi wa pakhomo yataya zochepa, 3 mwa 100 kapena kucheperapo. Timu ya kuno ikautaya yataya chinthu chimodzi chomwe chikadaifananitsako ndi matimu a ndalama zambiri a ku Cairo, Casablanca ndi Pretoria. Inu oyendetsa mpira ndi a makhonsolo a mizinda, konzani mabwalo kuti anyamatawa azisewera kwawo.